Nthambo Imene Ndinazula Pansi pa Desiki ya Mayi Nangozo

Moni amayi anzanga nonse a pagulu lino, ndi abambo amene mumawerenga mwakachetechete. Mtendere wa Ambuye ukhale m'makomo mwanu. Ine ndine amake Tamanda, ndimakhala ku Golomoti, chakumunsi kwa njanji. Chilowereni pagulu lino sindinalembepo kanthu, ndimangowerenga maumboni a anzanga n'kumavomera mumtima. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, choncho pamene palakwika mundikhululukire. Koma ndili pakhonde la chipatala ndinalonjeza Mulungu kuti akandichotsa pamenepo nkhani iyi ndidzainena poyera, ndipo papita miyezi ndikuzengereza. Nkhani yake ndi yakuti ndinatsala pang'ono kupha munthu amene ankandidyetsa, ndipo ndinachita zimenezo ndikuganiza kuti ndikumupatsa ulemu.

Ndimagwira ntchito yosesa ndi kutumikira pa ofesi ya kabungwe kena ka amayi olima mpunga ku Bwanje. Ofesiyo ndi ya zipinda ziwiri, ili kuseri kwa msika, ndipo amene amaiyendetsa ndi Mayi Nangozo. Iwowa anali mphunzitsi ku Mua zaka zambiri, ndiye atapuma amayi a bungwelo anawapempha kuti aziwalembera makalata ndi malipoti pakompyuta. Ndi munthu wathupi, wamkulu kuposa mayi anga ondibereka, woseka mokweza. Anandipeza ndikugulitsa bwemba m'mbali mwa msewu wa ku Salima, chaka chimene madzi anakokolola mpunga wathu, Tamanda ali kumsana asanayambe n'kukwawa komwe. Anagula mulu wonse, kenako anandifunsa ngati ndimatha kukolopa. Sanandifunse setifiketi, ndipo anandilola kumabwera ndi mwana kuntchito. Munthu wotereyu umafuna kumubwezera zabwino tsiku lililonse.

Nditagwira miyezi ingapo, mwana wawo wamkazi, asisi Agata, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anabwera ndi katundu pagalimoto. Inali desiki ya mtundu umene sindinauonepo. Ukadina batani lapambali imakwera yokha mpaka pamimba pa munthu woimirira, ukadina lina imatsika. Inkagwiritsa ntchito magetsi a sola a paofesi pomwepo. Anabweranso ndi kakhushoni kopyapyala koika pampando. Munthu akakhalapo kupitirira theka la ola, kabokosi kakang'ono kamene anakamangirira pansi pa desiki kankayamba kulira ngati kamwanapiye kotayika, ndipo sikankaleka mpaka munthuyo ataimirira.

Atatha kumanga zonsezi, asisi Agata anandiitana n'kundifotokozera. Analankhula mofulumira, mawu ena m'Chichewa, ambiri m'Chingerezi, akuloza mwendo wa mayi awo. Ndinatolapo mawu akuti magazi, mwendo, ndi adokotala. Pomaliza anandifunsa ngati ndamva. Amayi anzanga, ine pamaso pa anthu ophunzira lilime langa limauma. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndamva. Sindinamve. Ndinangoganiza kuti ndi zinthu za m'tauni zimene ana olemera amagulira makolo awo kuti aoneke otsogola.

Kwathu anatilera kuti wamkulu sanyamuka mwana alipo. Mayi anga akafuna chikho cha madzi n'kudzuka okha ine ndili pakhomo, madzulo ake ndinkazimva. Wamkulu umamupatsa mpando, iwe n'kukhala pansi. Ndiye tangoganizani mmene ndinkamvera kuona Mayi Nangozo, munthu wa imvi, akudzutsidwa ndi kabokosi, n'kuimirira kumalemba ngati mwana amene wapatsidwa chibalo m'kalasi. Iwonso ankadandaula. Kakalira ankatsonya, n'kunena kuti Agata wawabweretsera ahedimasitala m'nyumba. Ankadzuka ndithu, koma akubuula, akugwira mawondo.

Chimene chinandimaliza chinachitika Lachisanu lina. Kunabwera amayi atatu a ku sikimu ya mpunga kudzalembetsa kalata, n'kupeza Mayi Nangozo ali chiimire pa desiki, ine ndili pakhomo ndikuyamwitsa Tamanda. Mmodzi wa iwo, mayi wachikulire, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Mipando yatha muno? Mayi ako aima, iwe wakhala phee. Kwanu n'kuti, mwana iwe?" Anzawo anaseka. Mayi Nangozo anayesa kuwafotokozera za desiki, koma iwo ankangoseka basi. Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Ndinamva ngati atukwana mayi anga.

Madzulo a tsiku lomwelo, Mayi ataweruka, ndikukolopa pansi pa desiki ndinaona nthambo yakuda yochoka pakabokosi kaja. Sindinganame kuti ndinaikola ndi chokolopera. Ndinagwada, ndinaizula ndi dzanja langa, n'kuikankhira kuseri kwa mwendo wa desiki kumene sikuoneka. Lolemba lake ofesi inali zii. Cha m'ma 10 koloko Mayi anaweramira pakabokosi, anakagogoda ndi chala, n'kunena kuti zinthu za masiku ano ndi choncho, zokongola koma zosakhalitsa. Anaseka n'kupitiriza kulemba ali chikhalire. Mtima wanga unakhala pansi.

Sindinalekere pomwepo. Ndinaona kuti nthawi zina amadzukabe kukatenga mapepala pa pulinta imene inali m'chipinda china, ndiye ndinaisamutsa n'kuiika pambali pawo. Fulasiki ya tiyi ndinkaiika pofikira dzanja. Mafayilo ndinkawabweretsera asanamalize n'kutchula komwe. Mlendo akagogoda ndinkathamanga ndine, ndipo chakudya chamasana ndinkawapatsira pa desiki pomwepo. Ankafika 7 koloko n'kukhala, kudzuka kwake n'kupita kwawo 4 koloko. Mwezi wa Okutobala, inu mukudziwa mmene kuno kumunsi kumatenthera, anachepetsanso kumwa madzi chifukwa chimbudzi chili kutali kuseri, ndipo ankati n'kotopetsa kupitapita. Ine ndinkaona kuti zonse zili bwino. Alendo ankandiyamikira kuti ndine mwana wamwambo, ndipo ndinkapita kunyumba ndikumwetulira ndekha panjira.

Asisi Agata ankaimba foni pafupipafupi. Tsiku lina ndikupukuta mawindo ndinamva akufunsa ngati desiki ikugwira ntchito bwino, ndipo Mayi anayankha kuti, "Ndikuima, mwanawe, ngati msilikali pa perete." Ankanena ali pampando, nsapato atavula. Mumtima mwanga munadutsa kanthu, koma ndinakakankhira kumbali ngati mmene ndinachitira ndi nthambo ija. Zinapitirira choncho miyezi itatu.

Kumapeto kwa Novembala Mayi anapita kumsonkhano ku Blantyre pa minibasi, ulendo wokhala tsiku lonse, kupita ndi kubwera. Atabwerako ndinaona kuti akutsimphina. Atakweza chitenje, katumba ka mwendo wakumanzere kanali katatupa, khungu likuwala, ndipo nditagwira panali potentha. Iwo anati ndi kutopa chabe, ndisauze Agata chifukwa achita phokoso. Ndiye ndinachita chimene timachitira munthu amene wabwera kumunda miyendo ikuphwanya. Ndinatenthetsa madzi, ndinawathowa ndi thawulo, kenako ndinasisita ndi mafuta mwamphamvu, kukankha ndi zala zazikulu kuchokera pansi kupita m'mwamba. Ankati zikuwawa, ine n'kumati apirire, kuwawa kumeneko ndiye kuchira kwake. Ndinachita zimenezi masiku atatu otsatizana, m'mawa uliwonse asanayambe ntchito.

Lachinayi, dzuwa litakwera, anadzuka kuti apite kuseri. Anangoyenda mapazi anayi n'kugwira chitseko. Ankapuma ngati munthu amene wathamanga kuchokera kunyanja, thukuta likuyenderera, dzanja lili pachifuwa. Ananditchula dzina koma mawu sanatuluke bwino. Ndinasiya Tamanda kwa mayi wina wogulitsa tomato amene timadziwana, ndinathamangira pamsika n'kupempha bambo wina amene ankatsitsa matumba a mpunga pa galimoto yake. Mulungu amudalitse, sanafunse zambiri. Tinawagoneka kumbuyo pa matumba opanda kanthu, mutu wawo uli pamiyendo panga, mpaka kuchipatala.

Kumeneko anatilandira msanga. Anawayeza malungo, sanapezeke. Adokotala achinyamata anawamvetsera pachifuwa, n'kunena kuti mwina ndi chibayo chikuyamba, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti sanakhutire. Anayamba kufunsa mafunso. Ine ndinali nditaima pafupi ndi chitseko, nditanyamula chikwama ndi nsapato za Mayi. Anawafunsa ngati pali pena pamene pakuwawa kapena kutupa, Mayi anapukusa mutu. Anali atafunda chitenje mpaka kumapazi. Anawafunsanso za ntchito yawo, ngati amakhala pansi nthawi yaitali. Mayi, akupuma movutika choncho, anati ayi, mwana wawo anawagulira desiki yolembera ataimirira, ndipo amadzuka theka la ola lililonse.

Pamene ndinamva adokotala akufunsa za kukhala pansi, mawu atatu a asisi Agata aja anabwerera m'mutu mwanga, magazi, mwendo, adokotala, ndipo kwa nthawi yoyamba anagwirizana. Ndinazindikira kuti kabokosi kaja sikanali kachidole ka m'tauni. Kanali mankhwala, ndipo amene anawalanda mankhwalawo ndine. Adokotala anayang'ana kwa ine n'kufunsa ngati pali chimene ndingawonjezere. Ndinayang'ana nsapato zimene zinali m'manja mwanga. Kulankhula kukanatanthauza kunena kuti wamkulu wanama, pamaso pa mlendo, iwo ali pomwepo. Kukanatanthauzanso kuulula zimene ndinachita n'kutaya ntchito imene inkadyetsa mwana wanga. Ndinati palibe. Adokotala analemba zolemba zawo n'kutuluka.

Ili ndi tchimo langa lachitatu, ndipo ndi limene limandiwawa koposa. Loyamba, la nthambo lija, ndinalichita mosadziwa, lachiwirinso, la kusisita mwendo, chimodzimodzi. Koma apa ndinkadziwa.

Ndinatuluka n'kukakhala pansi pakhonde, msana nditatsamira khoma. Ndinatulutsa kolona koma sindinathe kumaliza ngakhale Tikuoneni Mariya mmodzi. Ndinangoti, Ambuye, pakamwa panga mukupadziwa, simunandipatse kulimba mtima kwa anthu ena. Ngati mukufuna kuti mayi awa akhale ndi moyo, nditumizireni munthu amene ndingathe kumuuza, chifukwa kwa adokotala sindingathe. Ndinalira mosatulutsa mawu, nkhope nditaibisa m'chitenje.

Sipanapite nthawi, ndinamva chokolopera chikundigunda kumapazi. Anali mayi wina wantchito pachipatalapo, wovala mpango wa Chisilamu kumutu ndi majombo oyera, wamfupi, wa msinkhu wa azakhali anga. Anandiuza kuti ndisendeze miyendo. Nditadzutsa mutu anaona nkhope yanga n'kufunsa ngati wodwala wanga watisiya. Ndinati ayi, sanatisiye. Anati nanga ndikamaliza misozi yonseyi lero, ndidzalira chiyani pa tsiku la maliro. Sindikudziwa chimene chinandimasula. Mwina ndi chokolopera chija, poti chinali chofanana ndi changa, chomangidwa ndi mphira wa njinga pamene chinathyoka. Ndinawauza zonse, za nthambo, za tiyi, za mwendo, za kuthowa, ndi bodza limene ndinalisiya kuti lidutse.

Anamvetsera atatsamira mtengo wa chokolopera. Nditamaliza anati, "Mwanawe, ine ndakolopa makonde ano zaka zambiri. Wallahi, ndaona anthu akutuluka pa chitseko icho atafunditsidwa nsalu, achibale awo akuti tinkaopa kunena. Ulemu wakowo ukalowa nawo m'manda limodzi?" Ndinati sindingathe, mawu sangatuluke. Iwo anati, "Miyendo uli nayo. Pakamwa tikaonera komweko." Anasiya ndowa pakati pa khonde, anandigwira pamkono ngati mwana wothawa jakisoni, n'kundikokera kwa anesi. Anangoti mwana uyu ali ndi mawu okhudza mayi a pabedi la pawindo, ndipo iwo sachoka mpaka atawanena.

Ndinalankhula pamaso pa Mayi Nangozo, maso awo ali pa ine. Mawu anga anali ang'ono moti anesi anachita kuwerama kuti amve. Ndinati mwendo wakumanzere ndi wotupa kuyambira Lolemba. Ndinati kabokosi kowadzutsa kanasiya kulira miyezi itatu yapitayo chifukwa ndinazula nthambo ndine, ndipo kuyambira pamenepo amakhala tsiku lonse osadzuka. Anesi anavundukula chitenje, anangoona kamodzi n'kuthamanga kukaitana adokotala. Anabwera ndi tepi ngati ya atelala, anayeza miyendo yonse iwiri, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anandifunsa ngati wina anaugwiragwira mwendowo. Ndinati ndinauthowa n'kuusisita masiku atatu. Anatseka maso pang'ono, kenako anandiuza mofatsa kuti mwendo wotupa chotero susisitidwa, chifukwa magazi akaundana mumtsempha, chibuluma chake chikhoza kuthothoka n'kukatseka m'mapapo, ndipo akuganiza kuti ndi zimene zachitika.

Kuyambira pamenepo zonse zinali zothamanga. Anawaika chopumira kumphuno, anawabaya jakisoni pamimba, anaimba mafoni, ndipo dzuwa lisanalowe tinali mu ambulansi kupita kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Njira yonse, kukwera mapiri onse aja, Mayi sanandilankhule. Anatembenuzira nkhope kukhoma la galimoto. Mayi wokolopa uja sindinathe n'kuwatsanzika komwe, ndipo dzina lawo sindinalifunse.

Asisi Agata anatichingamira pageti. Anesi atawalowetsa Mayi mkati, ine ndinagwada pa simenti, anthu akudutsa, n'kuwauza zonse ndekha asanazimve kwa ena.  Ndinkayembekezera mbama kapena kutukwanidwa, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangoti, "Ndinakufunsani ngati mwamva." Kenako anati ndibwerere kwa mwana wanga.

Masabata awiri otsatira sindikufuna munthu aliyense adzawaone. Chakudya sichinkatsika. Foni ikalira mtima unkadumpha, ndikuti uthenga wa maliro uja wafika. Bambo a Tamanda anayesa kunditonthoza, ankati sindinachite dala, koma tsiku lina atatopa nane ananena kuti safunsa anadya phula, ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona. Amayi a mumphakati wathu anabwera kudzapemphera nane, koma ndinangowauza kuti abwana anga akudwala, zinazo ndinabisa. Loweruka ndinapita kukalapa. Bambo mfumu anandiuza kuti Mulungu wandikhululukira, ine ndinatuluka m'tchalitchi katundu ali pomwepo. M'mawa uliwonse ndinkapitabe ku ofesi ngakhale panalibe amene anandituma. Ndinkasesa, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wawo wopanda munthu. Nthambo ndinaibwezera pamalo pake, ndipo sizinanditengere ngakhale mphindi imodzi. Ndinalira poona kuti chinthu chake chinali chophweka chotero.

Sabata yachitatu asisi Agata anaimba. Anati Mayi atuluka, ali kunyumba kwawo ku Mua, ndipo akundifuna. Ndinakwera kabaza ndikudziwa kuti ndikupita kukachotsedwa ntchito, koma mumtima ndinkangothokoza kuti adzandichotsa ndi pakamwa pawo, ali moyo. Ndinatenga makiyi a ofesi nditawamanga pa nsonga ya chitenje kuti ndikawabweze.

Ndinawapeza akuyenda pang'onopang'ono pabwalo, atagwira ndodo, ataonda, mwendo uja atauveka sokosi yothina yofika m'bondo. Ndinagwada patali n'kuika makiyi pansi. Iwo anati ndidzuke, iwo saloledwa kukhala ndiye sakufuna kuona munthu wina akusangalala pansi. Asisi Agata anali pakhonde. Mayi anaima, anapuma kaye, n'kunena kuti pali mawu amene akufuna tonse awiri timve.

"Nthambo ija ndinaiona," anatero. "Lachiwiri lake lomwelo cholembera changa chinagwa pansi, nditawerama ndinaiona ili kuseri kwa mwendo wa desiki. Ndinadziwa kuti sinazuke yokha. Ndinaisiya. Mwana uyu sankadziwa ntchito ya kabokosi kaja, koma ine adokotala anandiuza m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, chaka chimene mwendo unayamba kundivuta. Kutumikiridwa kunandikomera, basi."

Asisi Agata anafuna kulankhula koma Mayi anakweza ndodo. Anati ku Lilongwe anawauza kuti akanagona ndi mankhwala a chibayo okha, mwina nkhani ikanakhala ina. Anati mu ambulansi anandikwiyira zoona chifukwa ndinawavula pamaso pa adokotala ndi anesi, koma masiku amene anagona akuyang'ana denga anawerenga bwinobwino n'kupeza kuti m'chipinda chija munali anthu awiri odziwa zoona, ndipo amene analankhula ndi amene anali ndi zambiri zotaya. Apa ndinalephera kudzigwira. Ndinawauza kuti poyamba ndinakana, ndinati palibe, ndipo anachita kundikoka ndi mayi wina wokolopa. Iwo anati Mulungu akafuna kukoka munthu amatuma amene ali pafupi, ndipo chachikulu n'chakuti ndinakokeka.

Tsiku limenelo asisi Agata anakhala nane pamkeka n'kundifotokozeranso, ulendo uno m'Chichewa chokhachokha. Anati iwonso analakwa kundilankhula ngati ali mumsonkhano. Anandifunsa chimene chimachitika mungalande ya kusikimu madzi akasiya kuyenda. Ndinati matope amakhazikika pansi, ngalande n'kutsekeka. Anati magazi a m'miyendo ndi chimodzimodzi, ndipo chimene chimawakankha kuti akwere kubwerera kumtima ndi minofu ya m'katumba munthu akamayenda, ngati mmene timapondera thiredo pampu kudimba. Munthu akakhala tsiku lonse, pampu yaima. Anati si kukhala kokha kumene kunadwalitsa mayi awo, palinso msinkhu, thupi, ulendo wa minibasi uja ndi kusamwa madzi, koma kukhala ndi kumene tikanatha kukupewa. Anatinso kuimirira malo amodzi tsiku lonse sikuthandiza, chofunika ndi kusinthasintha, kukhala pang'ono, kuima pang'ono, kuyendako. Atamaliza sanandifunse ngati ndamva. Anati ndiwafotokozere ineyo ngati iwo ndi amene sakudziwa. Ndinalakwitsa kawiri, kachitatu ndinakhoza.

Makiyi anandibwezera, koma ntchito inasintha. Pulinta inabwerera m'chipinda china. Fulasiki imakhala pawindo la kukhomo, ndipo tiyi amakathira okha. Mlendo akagogoda ine ndimagwira tsache mwamphamvu kuti miyendo isandithamangitse, Mayi n'kudzuka kukatsegula. Madzi akumwa okha ndi amene ndimaloledwa kuwabweretsera, ndipo ndimabweretsa ambiri dala kuti ulendo wa kuseri uchuluke. Kabokosi kakalira amadina batani, desiki n'kukwera. Kukachita mitambo sola n'kufooka, kabokosi kamakhala chete, ndiye asisi Agata ananditchera alamu pa kafoni kanga. Masiku amenewo wowadzutsa ndine.

Musaganize kuti n'zophweka. Sabata yatha kunabwera abambo awiri ndi mayi wina kudzatenga kalata, n'kupeza Mayi akudzithirira tiyi ine ndili chiimire ndi tsache. Potuluka ndinamva mayiyo akuuza anzake kuti atsikana a masiku ano akangolandira malipiro mwambo umathera pomwepo. Ndinamva kutentha kumaso ngati kale lija. Sindinawayankhe, pakamwa panga mpaka lero ndi polemera. Koma sindinagwirenso fulasiki.

Sindinganene kuti mtima wanga unayera kotheratu. Mwendo wa Mayi umatupabe madzulo, amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, ndipo akakwera kachitunda ka kutchalitchi amaima kawiri kuti apume. Ndikawaona akuvala sokosi yothina ija m'nyengo yotentha ino, ndimadziwa kuti dzanja langa lilipo pamenepo. Anandikhululukira, Mulungunso anandikhululukira, koma ine ndikuphunzira pang'onopang'ono. Ndinabwererako kuchipatala kuja ndi kathumba ka mpunga kuti ndikathokoze mayi wokolopa uja. Anaseka, anati iwo sakumbukira kuti ananena chiyani, anangofuna kuti ndichoke pamene ankafuna kukolopa. Mpungawo analandira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losamaliza la munthu wamantha, n'kuliyankha kudzera mwa mayi amene sitipemphera nawo tchalitchi chimodzi. Ndikuthokoza adokotala ndi anesi amene sanandinyoze. Kwa inu amene mumakhala tsiku lonse pa makina osokera, m'kabokosi kogulitsira mayunitsi kapena mu ofesi, desiki yokwera yokha si aliyense angaipeze, koma alamu ya pafoni tonse tili nayo. Dzukani, yendaniko, imwani madzi, ndipo mwendo umodzi ukatupa n'kumatentha musauthowe, thamangirani kuchipatala mukanene zonse. Kwa inu amanyazi anzanga, amene mumavomera musanamve, mawu akuti sindinamve ndi aafupi, ndipo akanandipulumutsa ku zonsezi. Ngati pali chimene mwabisa ndipo chikudya munthu wina, musadikire kuti mulimbe mtima kaye. Pemphani Mulungu akutumizireni wokukokani pamkono, ndipo akabwera musakane.

Lero kunacha ndi mitambo, sola inalibe mphamvu. Kafoni kanga katalira ndinaima pakhomo la chipinda chawo n'kunena kuti, "Mayi, dzukani." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Iwe amake Tamanda, wayamba liti kulamula aphunzitsi?" Sindinachoke pakhomopo. Anang'ung'udza, anagwira m'mbali mwa mpando, ndipo anadzuka.

Ambuye akusungeni nonse ndi a m'nyumba mwanu. Amen.